Nyanja Yoterera ya a Ejvind

M'mawa uliwonse a Ejvind Kragh ankafika pa mpanda wa sukulu, n'kugwada, n'kupisa dzanja kunsi kwa waya kuti akhudze phula ndi kuseri kwa chikhatho. Pakakhala pouma ankadzuka n'kupita kukamwa khofi. Pakakhala chinyontho nkhope yawo inkagwa. Ine ndinkawaonera pazenera, pakuti nyumba zathu n'zogundizana ndipo zinayang'ana kusukuluko. Ndine munthu wa pazenera. Pagulu mawu amandithawa kuyambira ndili mwana.

Ntchito yawo inali yojambula pa mabwalo a masukulu. M'galaja mwawo munadzaza timatabwa topyapyala toboolaboola, tina ta manambala, tina ta mapazi, tina ta njoka ya zilembo. Ankagoneka kathabwa pa phula, n'kupaka penti m'mabowomo, ndipo akanyamula pankatsala phada wowongoka bwino. Penti asanaume ankawazapo mchenga wosefa kuti mvula ikagwa nsapato zizigwira. Ana ambiri kuno ku Jutland anakula akudumpha pa ntchito ya manja awo.

Mapu a dziko lonse amene ali pakati pa bwalo lathu anajambula ndi iwo. Linali tsiku loti mawa sukulu itsegulidwa. Atamaliza mayiko onse mchenga unawathera, nyanja isanapakidwe. Aphunzitsi aakulu, mayi Bundgaard, anati makolo asadzapeze mapu a theka. A Ejvind anapaka nyanja yonse yabuluu popanda mchenga, n'kunena kuti adzaikonza Loweruka.

Lachinayi kunagwa mvula. Mwana wina dzina lake Troels anathamanga kuchoka ku Afirika kulowera ku Amereka, ndipo pakati pa nyanja miyendo inapita m'mwamba, nkhongo n'kumenya phula. Sanafe. Koma mpaka lero amayenda pa njinga ya olumala, ndipo supuni amamugwirira ndi amayi ake.

Khonsolo inawalanda ntchito a Ejvind, n'kuwaletsa kulowa pachipata cha sukulu. Nyanja ija sinafufutidwe. Amalamulo anati ndi umboni, isakhudzidwe mpaka mlandu utatha, ndipo mlanduwo sukutha. Anazungulizapo chingwe chofiira. Mphepo ndi ana anathana nacho mwezi usanathe.

Apa m'pamene a Ejvind anayamba kuyenda ndi chidebe. Akapeza chinyontho ankaima pampanda n'kumaponya mchenga ndi manja pamwamba pa waya. Wambiri unkagwera panjira, wofika panyanja unali wochepa. Ndiye Preben, wosamalira pasukulupo, ankabwera ndi tsache lake.

"Ejvind, wayambanso? Ukufuna kutisamutsira gombe lonse kuno? Mawa ubwerenso ndi maambulera!"

"Usasese, Preben."

"Andiuza kuti ndizisesa. Ana akulowa nawo m'kalasi."

"Iwe ukauzidwa kuti usese amako ungasesenso. Bola tsachelo, lili ndi tsitsi kuposa mwini wake."

Preben ankaseka, koma ankasesabe.

Chaka chatha mwana wanga Solvej anayamba sukulu. M'nyengo yomweyo a Ejvind anayamba kutsokomola. Madokotala anati mapapo atha ndi fungo la penti wa zaka zonsezi. Ndinkawaona akupumira panjira pakati pa khomo lawo ndi mpanda, atakhala pa chidebe chomwecho. Kenako mpanda unawatalikira. Anawaikira bedi pabalaza, timapaipi m'mphuno, nkhope kuloza kuzenera.

Tsiku lina masana anagogoda galasi ndi supuni pamene ndinkadutsa. Ndinalowa ndi buledi wakuda amene ndinagula, pakuti sindinadziwe chochita ndi manja anga.

"Malene, khala pansi. Zaka zonsezi umandisuzumira pazenera ngati mphaka, lero undione pafupi."

Ndinakhala pansi.

"Timajombo tofiira tija ta mwana wako," anatero, "tatha kunsi. Ndimationa akamathamanga. Tasalala ngati mbale."

"Ndimugulira tina, bambo."

"Gula. Nanga enawo uwagulira onse?" Anatsokomola nthawi yaitali. "Chidebe chili kuseri kwa chitseko. M'galaja muli matumba anayi a mchenga. Usakaponye uli pampanda, sufika, ine ndayesa mpaka phewa linaguluka. Iwe ndiwe kholo, chipata sichikukana. Ukalowe mpaka pakati, ukawaze ngati ukudyetsa nkhuku."

"Pakati? Anthu onse akuona?"

"Onse."

"Mayi Bundgaard akandifunsa ndikati chiyani? Ine sinditha kulankhula."

"Ndani wakutuma kukalankhula? Ndakutuma kukawaza."

Sindinavomere, sindinakanenso. Ndinatenga chidebe chifukwa kuchisiya kukanafuna mawu ambiri.

Anamwalira Lamlungu. Kumaliro tinalipo ochepa: mlongo wawo wochokera ku Aalborg, Preben atavala tayi, ndi ine. A kwa Troels sanabwere, ndipo palibe anadabwa.

Lachiwiri kunacha ndi nkhungu. Ndinalowa pachipata, Solvej kudzanja lino, chidebe kudzanja linalo. Makolo analeka kucheza. Ndinawaza, maso ali pansi. Nditadzutsa mutu ndinaona Preben ataima ndi tsache. Anandiyang'ana, anayang'ana kuzenera la ofesi, kenako anapita kukasesa masamba kuseri kwa makalasi. Anadzasesa mchengawo belu lomaliza litalira.

Thumba limodzi latha kale. Mlandu akuti aupititsanso chaka chamawa. Troels amadutsa pamsewu ndi amayi ake, ndipo iwo sayang'ana kubwaloko.

Tsiku lija anagogoda galasi ndi supuni, nditafika pachitseko ndi chidebe kuti ndizituluka, a Ejvind anandiitananso. Mawu anali atachepa, ndinachita kubwerera n'kuwerama.

"Malene, usamayang'ane kumwamba, kumwamba kumanama. Uzigwira pansi. Ndi kuseri kwa dzanja, wamva? Tsiku lililonse, belu lisanalire."