Kapu ya a Wilbroad

Ku Nabvutika, komboni ya ku Chipata, mukafunsa za a Wilbroad Miti, anthu amayamba akuuzani za kapu asanakulozereni nyumba. Bambowa anayendetsa lole zaka makumi atatu, kututa feteleza kudoko la Beira kubwera naye ku Chipata, osagwetsako ndi thumba limodzi lomwe. Wofuna kuphunzira udalaivala kwa iwo ankamuyesa ndi kapu yodzaza madzi. Ankaigwira okha pabondo, wophunzirayo n'kumayendetsa. Dontho likagwera pabuluku, ankangoti, "Tsika, ukayendetse ngolo."

Kunyada anali nako, tisabise, koma kunali kunyada kwa munthu wodziwa ntchito yake. Chomwe chinkawadya mumtima chinali china. Pofunsira Sesiliya, mtsikana wolima mtedza wa ku Madzimoyo, anamulonjeza kuti adzamuonetsa nyanja yamchere. Ukwati unachitika, mwana wawo Charity anabadwa, anakula mpaka kukhala mphunzitsi, koma nyanja ija inangokhala ya chaka chamawa. Amake Charity sankadandaula. Ankangoti, "Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane," n'kupitiriza kusenda mtedza wawo.

Atapuma pantchito, a Wilbroad anagula kagalimoto kakale, n'kukaphwasula, n'kukamanganso ndi manja awo. Kenako anatembenuza kalendala ya kutchalitchi n'kujambula ulendo wonse kumbuyo kwake. Kunyamuka mtedza ukalowa m'matumba, mvula isanaganize n'komwe. Kumwa tiyi pa Katete, kudinditsa mapasipoti pa Chanida. Kugona ku Tete, kuti mayi aone mlatho wa Zambezi dzuwa likadalipo. Chimoyo, Beira, kenako kutsikira kummwera mpaka Inyasoro ndi Vilankulo, kumene ankamva kuti mchenga ndi woyera ngati ufa. Ankadziwa pogula petulo wosasakaniza, pamene msewu uli ndi maenje, ndiponso mmene amaperekera moni kwa apolisi a kumeneko. Chimene sankanena n'chakuti iwo eniakewo ankangoionera nyanjayo pampanda wa padoko. Phazi lawo linali lisanaikhudzepo.

Kutatsala milungu itatu, anapita kuchipatala chifukwa dzuwa linkawathobwa kwambiri m'maso. Adokotala anapeza ng'ala m'maso onse awiri. Anati ichotsedwa, koma mpaka tsikulo asayendetse ulendo wautali, ndipo mzera wa odikira unali wofika chaka chamawa.

Mawu akuti chaka chamawa anawapweteka kuposa nthendayo. Atafika kunyumba anaulula zonse, maso ali pakalendala.

"Ine sinidikiranso, atate ake Charity," anatero mayiwo modekha. "Maondo anga aya chaka chamawa sazakwera motoka. Mwana wanu ali nayo layisensi."

"Layisensi ni pepala," anayankha a Wilbroad. Chiyambireni anali asanakwerepo galimoto yawo wina akuyendetsa, ndipo Charity anaphunzira kusukulu ya m'tauni, kwa anyamata amene iwo ankawatcha ophwanya magiya. Anailingalira nkhaniyo masiku awiri. Tsiku lachitatu anagamula: mwanayo ayesedwe ndi kapu, kuchoka pakhomo kukafika ku Madzimoyo. Madzi akatayika, ulendo wafa.

Loweruka m'mawa Charity anakhala pachiwongolero. Bambo ake anadzaza kapu mpaka m'milomo.

"Bweretsani kuno," anatero amake ali pampando wakumbuyo. "Ulendo ni wanga, kapu nigwira ine. Imwe yang'anani mapazi a mwana."

Anawapatsa, poti pamenepo panalibe chotsutsa.

Kunena zoona, mtsikanayo ankayendetsa bwino. Anatuluka m'tinjira ta Nabvutika mosamala, anazemba njinga zonyamula anthu, giya n'kumalowa popanda kulira. A Wilbroad ankamvetsera injini, mutu uli chopendekera, kufunafuna cholakwa. Koma misewu ya kwathu kuno siidziwa mayeso. Atangodutsa tauni, patsogolo panaoneka chidzenje chotenga mbali yawo yonse ya msewu, mbali inayo kukubwera basi. Panalibe kothawira. Charity anaponda mabuleki pang'onopang'ono, koma aliyense m'galimotomo anadziwa kuti kapu yodzaza singapulumuke pamenepo.

Ndiye kumbuyo kunamveka kuti gubu, gubu, gubu.

Galimoto inalowa m'dzenje n'kutuluka. A Wilbroad anatembenuka. Ng'ala kapena ayi, anaona bwinobwino akazi awo akupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, kapu ili theka.

"Amake Charity, madzi atayika?"

"Gwirani chitenje changa muone ngati chanyowa."

Anagwira. Chinali chouma.

"Lamulo lanu likamba za kutayika," anapitiriza mayiwo. "Za ludzu simunakambepo. Nakhala nalo zaka sate-foo, chinilonjezereni nyanja ija."

Charity anayang'anitsitsa kutsogolo, kuopa kuseka, kuopanso kulira. Bambo ake anasiya chitenje chija. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo anamva mtima ukupepuka koyamba chichokereni kuchipatala. Atatsala pang'ono kufika ku Madzimoyo anauza Charity kuti, "Apo wachita bwino, pa basi paja."

Ataima pamsika, a Wilbroad anatsika n'kuzungulira galimoto monga ankachitira ndi lole, kumenya tayala lililonse ndi phazi. Charity anazimitsa injini n'kuwapatsira makiyi pawindo. Iwo anawakankhira m'manja mwake momwemo.

"Sunga. Ku Tete tifike dzuwa likalipo, wamva? Amako aone mlatho."

Kenako anatsegula chitseko chakumbuyo, chimene anali asanalowerepo chigulireni galimotoyo.

"Sunthani pang'ono, amai," anatero. Anakhala pambali pawo, nalandira kapu ija, n'kumaliza madzi otsalawo.