Tsiku Limene Ndinatsekera Foni M'chitini

Ntchito yanga ku Balaka inali yoononga dala. Tinkapanga pulogalamu ya pafoni yotumizirana mauthenga pagulu, yoti izipirira ngakhale kumadera ngati kwathu ku Chikweo, kumene netiweki imabwera ngati mlendo wodutsa. Anzanga ankamanga, ine n'kumagawa gulu pawiri: mafoni ena akucheza patebulo, ena ndawatsekera m'chitini cha mabisiketi kuti netiweki isawafike. Pakapita nthawi ndinkavundukula n'kuona ngati mauthenga otsalira alowa mwandondomeko kapena asokonekera. Ndikapeza cholakwika ndinkasangalala, moti anzanga ankanditcha mfiti ya mu ofesi.

Mafoni oyesera anali ochepa, ndiye yanganso inkalowa m'chitinimo. Ndinalinso nditanyengerera abale anga kuti gulu lathu la pabanja lisamukire pa pulogalamu yomweyo, ndipo anavomera monyinyirika.

Sabata imeneyo amayi anali atagonekedwa kuchipatala ku Ntaja chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, achemwali anga aakulu akuwadikirira. Masana ena ndinavundukula chitini monga mwa nthawi zonse. Foni yanga inanjenjemera. Uthenga wa achemwali unali wa liwu limodzi: “Apita.” Pansi pake amalume analemba kuti, “Mulungu ndi wamkulu.”

Kwathu ndife Asilamu, maliro sitigoneka. Ndinadziwa kuti ndikachedwa ndikapeza anthu akuchokera kumanda. Ndinaimbira achemwali, foni sikupezeka. Amalume, chimodzimodzi. Sindinatsanzike aliyense, ndinangothamangira ku siteji n'kukwera minibasi ya ku Liwonde. Kondakitala anandiyang'ana kumaso n'kundipatsa mpando wakutsogolo osafunsa kanthu.

Tikuwoloka mlatho wa Shire foni inayambanso kunjenjemera, mauthenga akale akulowa umodziumodzi. Pulogalamu yathu ija, ikalumikizidwanso, inkayamba yabweretsa atsopano, akalewo n'kumabwera pambuyo. Ndiye panatulukira funso la mlongo wanga wamng'ono, lomwe analemba foni yanga ili m'chitini: “Kodi amayi akadali kuchipatala kapena apita kunyumba?” Achemwali ankayankha funso limeneli. Amalume ankangothokoza.

Ndinaseka, kenako ndinalira, kenako zonse pamodzi, mpaka mayi wina amene tinakhala naye anandigwira phewa. Sindinapumepo mpweya wokoma ngati wa tsiku limenelo. Cholakwika chomwe ndinakhala ndikuchisaka miyezi yonse ija chinandipeza chokha, ndipo titachikonza, yankho silinkaonekanso funso lake lisanafike.

Koma sindinabwerere. Ndinasintha galimoto pa Liwonde, ndipo ndili pa Nselema kudikira njinga yamoto, foni ya achemwali inalowa. Anawapatsira amayi.

“Iwe, ukulirira chiyani?” anafunsa amayi. “Wachotsedwa ntchito?”

“Iyayi, amayi. Ndimayesa mwatisiya.”

Ndinawafotokozera za chitini, za uthenga wobwera chambuyo. Anamvetsera, nkhuku zikulira kumbuyo kwawo.

“Ndiye ana anga mwafika poti imfa yanga mungauzane pa foni?” anatero. “Tamvera. Tsiku limenelo likadzakwana sadzakulembera iyayi. Ndawauza kale amalume ako, adzabwera okha kudzakutenga. Bwera msanga, ndikufuna ndikuone ndili maso.”