A Matumba ndi Diresi Yobiriwira

Benchi yanga ili pakhomo la msika, moyang'anizana ndi depoti ya mbewu. Ndimagulitsa tizida ta osoka pamanja: singano, ulusi, mapini, choko, tepi yoyezera, sizasi. Mwa makasitomala anga onse, amene ndimawanyadira kwambiri ndi bambo ena amene kudepotiko amawatchula kuti a Matumba.

Ntchito yawo ndi yosoka kukamwa kwa matumba akadzaza. Anayamba ali mnyamata, pano imvi zili mbuu. Chisingano chawo n'chopindika, chotalika kuposa chikhatho changa, ndipo amachibaya pachipewa akamapita kokadya. Thumba losoka iwo mutha kuliponya kuchokera pamwamba pa lole, silitaya ngakhale njere imodzi. Anzawo amati a Matumba akamanga mfundo, khoswe amangonunkhiza n'kubwerera.

Tsiku lina m'mawa anaima pabenchi panga, jumbo ili m'khwapa. Munali diresi yobiriwira ya malemu akazi awo. Mwana wawo wamkazi anali atasankhidwa kutsogolera nyimbo pamwambo wotsanzikana kusukulu, Loweruka la sabata yomweyo, ndipo ananenetsa kuti akavala ya amayi ake basi. Koma diresiyo inkakwekwereza pansi, m'chiuno mokwana anthu awiri. Telala anati popanda kudula sizitheka. A Matumba anangoinyamula n'kutuluka. Nsalu imeneyi sizasi isaikhudze, anandiuza. Aipinda okha, aisoka okha.

Ine mtima unadumpha. Woyamba kumene kusoka zovala ndiye kasitomala wokoma, chifukwa chilichonse pabenchi chimamufunika. Iwo analoza singano yaikulu kuposa zonse, ine ndinawakaniza: nsalu yofewa imafuna yopyapyala, yaikulu imasiya mabowo. Diso la singano yopyapyalayo sankaliona, ndiye ndinawapatsa kawaya kolowetsera ulusi. Ulusi utalowa kamodzin'kamodzi anaseka mpaka amayi ogulitsa tomato pambali panga anatembenuka. Ndinawonjeza mapini a timitu tamitundumitundu kuti asasowe munsalu, ndi choko cholembera mzere wopindira. Kachipewa kachitsulo kotetezera chala anakayesa zala zonse, kanakana ngakhale chaching'ono. Anati khungu la zala zawo n'lolimba kuposa kachitsuloko, ndipo nditaziona sindinatsutse.

"Mwana wanga, ndinayamba kusoka iwe usanabadwe," anatero pochoka. "Kadiresi kangandivute ine?"

Lachinayi anabweranso nkhope itagwa. Msoko wawo unali wowongoka ngati wa makina, koma nsalu yonse itakwinyika, m'chiuno mutafinyana ngati kukamwa kwa thumba la nyemba. Dzanja lawo linazolowera kuti ukabaya, ukoke ndi mphamvu zonse njere zisatuluke, ndipo linachita zomwezo padiresi. Mwana atayesa, zipi inakana kukwera. Mwanayo analowa kuchipinda, chakudya osakhudza.

A Matumba anatulutsa lezala kuti ndiwagwirire nsalu, adule ulusiwo. Ndinawagwira mkono.

"Bambo, lezala ikaterereka apa, mwadula nokha diresi yomwe munakaniza telala."

Ndinatenga kachitsulo komasulira msoko, kaja kamphanda kokhala ndi kamutu kofiira mbali imodzi. Ndinawaonetsa mmene kamalowera pansi pa ulusi n'kudula ulusi wokhawo, nsalu osaikanda. Anakatembenuza uku ndi uku, akudabwa kuti pali anthu amene anakhala pansi n'kupanga chida chobwezera ntchito m'mbuyo. Kudepoti, anati, msoko sumasulidwa, thumba limangong'ambidwa. Anatumiza uthenga kwa kapitawo wawo kuti afika masana, n'kukhala pakreti pambali pa benchi. Ine ndinkagulitsa mabatani ndi dzanja limodzi, linalo likugwira nsalu.

Kumasula kunatheka. Chovuta chinali kukoka. Ndinawapatsa kansalu kotsala kuti ayeserepo, koma akangobaya, chigongono chinkadumpha chokha. Amayi a tomato, amene nthawi yonseyi ankangoonerera, anasankha tomato wakupsa n'kumupanikiza m'khwapa mwa a Matumba.

"Achimwene, akagwa uyu ndiye kuti mwakokanso thumba. Akaphulika, malaya mukachapa nokha."

Tomato anagwa. Anagwanso. Anthu odutsa anayamba kuima, ena kuwerengera mokweza, wina kufunsa ngati ndi mankhwala a nyamakazi. A Matumba thukuta lili kamukamu, koma akuseka nawo. Dzuwa lili paliwombo tomato anakhazikika, ndipo msoko wa pakansaluko unagona bwinobwino, wopanda khwinya. Anthu oonerera aja sanachoke chimanjamanja, tiwaya tolowetsera ulusi tinatha tsiku lomwelo.

Loweruka m'mawa ndikuyala katundu, ndinaona chobiriwira chikuwoloka msewu. Anali mtsikana uja, diresi itamukhala ngati anachita kumuyeza. Mpendero unali wokhuthala pang'ono, poti nsalu yonse ya amayi ake inali m'katimo, yopinda, yosadula. Kumbuyo kwake a Matumba atavala jekete, akuyenda ngati msewu ndi wawo. Anzawo akudepoti anasiya matumba n'kuyamba malikhweru.

Mtsikanayo anaima kutsogolo kwa benchi yanga, anazungulira, kenako anakweza manja onse m'mwamba monga achitira potsogolera nyimbo. Tonse tinatchera khutu. Palibe ulusi unalira.

"Ababa, tichedwa," anatero, n'kuwakoka dzanja.