Wailesi Yosadya Mabatire

Fungo la mtovu wosungunuka likandipeza, ngakhale pakati pa msika wa Limbe pomwe anyamata amakonza mafoni, ndimaona agogo anga aamuna, a Mukhala, atakhala pakhonde m'mudzi mwathu kufupi ndi Namitambo, mbaula ili pakati pa miyendo, msomali waukulu uli pamakala kudikira kuti ufiire. Msomali umenewo ndiwo ankalumikizira mawaya. Ankautola ndi pulayala, kuugunditsa pamtovu, ndipo kautsi koyera kankakwera mowongoka n'kukasowera mu udzu wa denga. Akamagwira ntchito sankayankhula. Chomwe chinkamveka ndi kupuma kwawo ndi kuthetheka kwa makala.

Ali mnyamata ankasesa m'sitolo yokonzera mawailesi m'tauni, ndipo zomwe maso awo anaona kumeneko anabwera nazo kumudzi. Kwathu anali mkamwini. Kwawo kunali ku Mpama, koma anakhala pamudzi wa akazi awo mpaka imvi. Agogo aakazi atamwalira, abale anawasiya kuti akhalebe chifukwa cha mayi anga ndi ife zidzukulu. Mwambo wowasudzula kuti abwerere kwawo sunachitike, koma sunaiwalikenso. Aliyense ankadziwa kuti tsiku lililonse ukhoza kuchitika.

Anthu ankawabweretsera matochi, mawotchi ndi mawailesi olira ngati munthu wa chimfine, ndipo zambiri zinkabwerera zitachira. Koma panali wailesi ina, yawoyawo, yomwe anthu sankaikonda.

Inalibe bokosi. Linali thabwa chabe, pamwamba pake kachidutswa ka nsungwi kokulungidwa ndi waya wamkuwa, lezala yomwe anaiwotcha pamoto mpaka kuda, ndi phini yokhala ndi kamtima ka pensulo kunsonga, kokhudza lezalayo. Mawu ankatulukira pa chomvera cha telefoni yakale, chomveka kwa munthu mmodzi yekha. Waya wina unkatuluka pazenera n'kukwera pamwamba pa mtengo wa bulugamu. Wina unkatsikira pa chitsulo chomwe anachikhoma m'nthaka kuseri kwa nyumba, mbali yoyang'ana kumanda. M'mawa uliwonse agogo ankatunga madzi m'chikho, kugwada, n'kuthira pachitsulopo pang'onopang'ono. Odutsa m'njira akawaona atagwada choncho ankafulumiza mapazi.

Tsiku loyamba kundiika chomveracho kukhutu, ndinangomva mphepo. Agogo anayendetsa pensulo ija palezala, kufunafuna, ndipo mwadzidzidzi munthu anayankhula. Mawu ake anali aang'ono, akutali, ngati a munthu amene wagwera m'chitsime koma sakudandaula.

"Usapume mwamphamvu," anatero agogo. "Ungamuthamangitse."

Ankandiseka, koma ine ndinaugwira mpweya.

Chaka chimenecho chiperoni chinakhalitsa. Nkhungu inaphimba phiri la Chiradzulu n'kutsikira m'minda ya nandolo, kamvula kakuwaza osaleka, moti mbuzi unkaimva kulira osaiona. Masiku amenewo mabatire akafooka anthu ankawayanika padzuwa kuti apezeko mphamvu. Popanda dzuwa, mawailesi ochepa a m'mudzimo anakhala chete onse. Ya agogo yokha ndiyo inkayankhula, ndipo m'chinyezi chimenecho inkamveka bwino kuposa kale.

Tsiku lina masana, nthawi yomwe pawailesi ankawerenga mauthenga a maliro, ndinaona agogo atauma ndi chomvera kukhutu. Anachiika pansi mosamala, analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete yawo yopita nayo kutchalitchi. Ndinawatsatira. Analunjika kwa amake Fanuelo, msuweni wa mayi anga, amene mwana wawo wamwamuna ankagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu.

Amake Fanuelo anali pakhonde, akusenda nandolo wamuwisi, akuimba chapansipansi. Agogo sanaodire. Anavula chipewa n'kukhala pansi, padothi lonyowa, m'mphepete mwa bwalo, monga amakhalira amuna pamaliro.

"Iii, agogo, mwakhala pamatope bwanji? Dikirani nditenge mpando."

"Pepani, mayi," anatero agogo, maso ali pansi. "Pepani ndithu."

"Pepani wa chiyani?"

Apo m'pamene agogo anakweza mutu. Anayang'ana bwalo lopanda anthu, chitseko chotsegula, lichero la nandolo. Iwo ankaganiza kuti chomwe chanenedwa pawailesi ndiye kuti kumudzi chafika kale. Uthenga wa imfa kwathu superekedwa kwa mayi ndi munthu wongodutsa, makamaka mkamwini. Umafikira kwa mwini mbumba, iye ndi amene amasonkhanitsa amayi oti akamugwire woferedwayo asanamve.

"Ndangodutsa," anatero agogo, n'kudzuka.

Amake Fanuelo sanayambirenso kuimba. Titafika panjira ndinacheuka. Anali ataimirira pakhonde m'nkhungu muja, nandolo atatayikira pansi, nkhuku zikutola.

Agogo anapita kwa mwini mbumba, a Jailosi, mchimwene wa malemu agogo aakazi, n'kuwauza zomwe anamva.

"Mwamva pawailesi iti, alamu?" anafunsa a Jailosi. Anatenga yawo, kuitsegula, kuimenya m'mbali. Inangoti zii. "Mudzi wonse uli chete. Inu nokha ndiye mwamva?"

Mawa lake galimoto ya ku esiteti inafika ndi bokosi.

Pamaliro, agogo atakhala pansi, amuna omwe anali pafupi anasunthira uko mmodzimmodzi. Mayi wina anabwera kudzatenga tochi yake isanakonzedwe. Kuchitsime mayi anga akafika, nkhani inkaduka. Tonse tinkadziwa chomwe chikubwera. Ngati abale angakhulupirire kuti agogo anaidziwa imfa ija mwa njira ina, ndiye kuti pamudzi pathu sakhalaponso.

Atameta maliro, a Jailosi anabwera ndi amuna ena awiri a m'banja, n'kukhala pakhonde. Agogo anatulutsa thabwa lija, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti munthu akangomva yekha, nkhani yatha. Anafunafuna palezala, kenako anapereka chomvera.

A Jailosi anachigwira ndi zala ziwiri. Anachiyandikitsa kukhutu osachikhudzitsa. Patapita kanthawi nkhope yawo inasintha. Anali atamva.

"Ndi nyimbo," anatero motsitsa.

"Mwaona, alamu? Ndi wailesi basi, ngati yanu."

"Yanga imadya mabatire." A Jailosi anatembenuza thabwalo, kuyang'ana pansi pake. "Iyi ikudya chiyani?"

"Sidya kanthu."

"Alamu, ndinu wamkulu. Njinga imadya miyendo ya mwini wake. Nyali imadya palafini. Chinthu choyankhula usana ndi usiku, chosadya kanthu, munachionapo kuti?"

Agogo anayesa kufotokoza. Anati mawu amachokera kunyumba ya wailesi ali ndi mphamvu yawo kale, amayenda mumlengalenga nthawi zonse, ndipo waya wa pamtengo umangowakola.

"Ali paliponse," anatero. "Amaboola khoma. Ngakhale panopa akudutsa m'thupi mwanu, kungoti simukuwamva."

Mmodzi wa amuna aja anadzisasa pachifuwa n'kutsika pakhonde.

"Nanga madzi mumathira kuseri kuja, mumathirira ndani?"

"Nthaka youma sigwira mawu."

"Nthaka ya mbali ya kumanda."

"Ndi kumene kuli mthunzi, alamu. Sikuuma msanga."

"Nanga lezala?"

Yankho lililonse la agogo linali loona, ndipo lililonse linkawamiza. Mayi anga, amene anali atakhala pakhomo, anagwada.

"Amalume, bambo angawa munakhala nawo zaka zonsezi. Wailesi yanu yomweyo anakukonzerani ndi iwo."

"N'chifukwa chake tikuyankhula pakhonde, mwana wanga, osati pabwalo la mfumu."

Agogo ananyamula thabwa lija. "Ndiliponye pamoto pompano, inu mukuona."

A Jailosi anapukusa mutu, ndipo m'mawu mwawo munalibe ukali. "Mukaliwotcha, manja mukhala nawobe. Chemwali wanga anapita kale. Tinachedwa kukumasulani, alamu. Kwanu akukudikirani."

Anawasudzula sabata yomweyo. Katundu wawo yense anakwana pakaliyala ya njinga: bulangete, jekete, chitini cha mawaya. Thabwa lija analimasula okha, chilichonse pachokha, ndipo lezala anakaiponya m'chimbudzi kuti mwana asadzicheke.

Akutuluka m'mudzi, amake Fanuelo anali ataima panjira, mpango wakuda kumutu. Mayi anga anandigwira phewa. Tinkaganiza kuti atukwana.

"Agogo," anatero, "amene ankawerengayo, anati anadwala nthawi yaitali?"

"Sananene, mayi. Anangotchula dzina lake, ndi la mudzi, ndi lanu."

"Langa analitchula?"

"Analitchula."

Anagwedeza mutu n'kupatuka kuti njinga idutse. Mpaka lero sindidziwa ngati ankawakhulupirira kapena ankawaopa.

Ku Mpama agogo anakapeza alongo awo onse atatha. Anakhala kwa mdzukulu wina amene sankawadziwa bwino, ndipo titapita kukawaona tinawapeza atakhala pankhokwe, manja ali pamawondo, opanda chokonza. Mbiri inali itawatsogolera, palibe ankawabweretsera ngakhale tochi. Dzinja lotsatira tinakawaika.

Waya wa pabulugamu palibe analimba mtima kukwera kuti auchotse. Unatsala ukulendewera, mtengo n'kuumeza pang'onopang'ono m'khungwa lake. Mphepo ikawomba unkalira mawu amodzi aatali, oonda, ndipo amayi opita kuchigayo anasiya njira ija n'kutsegula ina m'munda mwa eni.

Pasekondale mphunzitsi wa sayansi anajambula wailesi yomweyo pabolodi, n'kunena kuti ndi yophweka kuposa zonse. Anzanga anakopera. Ine ndinangoiyang'ana.

Lero aliyense ali ndi foni, ndipo mawu odutsa m'makoma sadabwitsanso munthu. Ndili m'gulu la pafoni la anthu akwathu okhala m'tauni. Mwezi wathawu wina anaikamo chithunzi cha mnyamata wa m'mudzi mwathu amene wagundidwa ndi minibasi, mawu opepesa n'kuyamba kutsika wina pansi pa mnzake. Ine sindinalembe kanthu. Ndinaimbira amalume a mnyamatayo n'kufunsa chinthu chimodzi: kodi amake auzidwa? Anati ayi, ali kudimba, amayi oti akawatenge angonyamuka kumene.

Ndinazimitsa foni n'kukwera galimoto ya ku Namitambo. Nditatsika ndinayenda mpaka pomwe nyumba yawo imayamba kuonekera. Panali phee, zovala zili pachingwe, mwana akuthamangitsa nkhuku. Ndinaima kumsewu, chipewa chili kumutu, ngati munthu wodikira mnzake. Sindinaponde pabwalo paja mpaka nditamva kulira.