Nsomba yodulidwa chipsepse ndi mpata wa Tadala

Lachiwiri m'mawa ndinatsala pang'ono kubweza bokosi la nsomba zabwinobwino.

Ntchito yanga kuno ku Doha ndi yolandira katundu kuseri kwa hotela ina ya ku Onaiza. Galimoto ikafika ndimatsekula, ndimayang'ana, ndimanunkhiza, kenako ndimasayina kapena kukana. Tsiku limenelo m'bokosi munali nsomba zazikulu zonyezimira, zotumbulidwa kale, zitagonekedwa pa ayezi. Pabokosi panalembedwa kuti koho, mtundu wina wa salimoni, nsomba ya kumayiko ozizira. Nditatembenuza yoyamba ndinaona kuti kachipsepse kakang'ono ka pamsana, pafupi ndi mchira, palibe. Yachiwiri kanalipo. Yachitatu palibe.

"Izi zadyedwa ndi china chake," ndinauza Zulu, mnzanga wa ku Chipata amene amakankha ngolo ya katundu. "Ndikubweza."

"Iwe mudala, manje ufuna kurijekita nsomba chifukwa cha kachipsepse? Kansi alendo amadya zipsepse? Sayina chabe zithe, khalasi!"

Sindinasayine. Ndinaitana shefu wamkulu, bambo wachikulire wochokera ku Canada. Anayang'ana nsombayo, nayang'ana ine, naseka mpaka masiki yotchinga kukamwa kugwera pachibwano.

Anandifotokozera kuti palibe chimene chadya nsombayo. Kwawoko kuli malo amene amaswetsa koho m'mathanki. Tinsombato tisanatsanulidwe mumtsinje, amatidula kachipsepseko kuti chikhale chizindikiro. Za m'bokosimo zinagwidwa kunyanja yamchere, n'chifukwa chake zinasakanikirana. Koma kumtsinje, m'malo ambiri, msodzi akakola koho amayamba wayang'ana pamsana. Ngati kachipsepse palibe, imeneyo ndi ndiwo. Ngati kalipo, ndiye kuti nsombayo inabadwa yokha mumtsinjemo ndipo ikukwera kukaikira mazira. Amaimasula isanatuluke m'madzi, ipitirize ulendo wake.

Ndinasayina. Zulu anandiseka tsiku lonse, akunditchula dokotala wa zipsepse.

Panthawi yopuma ndinawatsatira ashefu ndi mafunso. Munthu ukamufunsa za mtsinje wa kwawo, saonanso wotchi.

Akuti koho siikonda pamene madzi akuthamanga kwambiri. Imapuma pamalo odekha, pansi pa mtengo wogwera m'madzi kapena m'mphepete mwa dziwe. Nthawi yabwino ndi m'mamawa, kapena mvula ikagwa madzi n'kuyamba kuyera. Ena amaponya kachitsulo konyezimira kokhala ndi mbedza, n'kumakoka chingwe pang'onopang'ono kuti kazizungulira ngati kansomba kovulala. Ena amaika mazira a nsomba pambedza, pamwamba n'kumangirira choyandama, madzi n'kumayenda nazo okha. Enanso amagwiritsa mbedza yolemera yovekedwa nthenga, n'kumaidumphitsa ndi dzanja. Akuti koho ikalowa mumtsinje siifunanso chakudya kwenikweni. Imaluma chifukwa chinthucho chaikwiyitsa. Ndipo kadzino ka mbedza kobwerera m'mbuyo, kaja kamene kamakaniza nsomba kupulumuka, amakaphwanya ndi pulayala kuti nsomba yoyenera kumasulidwa isavulale.

Tangoganizani. Munthu kuphwanya dala dzino la mbedza yake.

Mwina mukuti zimenezo ndi za anthu okhuta. Inenso ndikanatero, ndikanapanda kukwatira ku Nkhotakota.

Ife tili ndi nsomba yathu yokwera mitsinje. Ndi mpasa. Imakulira m'nyanja, koma mvula ikamatha imalowa m'mitsinje kukaikira mazira pa timiyala ta kumtunda. Kwawo kwa mkazi wanga Tadala kuli kamtsinje kothira mu Bua, ndipo banja lawo lili ndi biyo pamenepo, mpanda wa nsichi ndi bango wodutsa mtsinje, m'mipata mwake atatcheramo miono. Mpasa ikamakwera imatsata mpanda kufuna podutsa, n'kulowa m'mono.

Makolo awo sankatseka mtsinje wonse. Ankasiya mpata umodzi wopanda mono. Bambo awo atamwalira, ndi Tadala amene anagwira mwambowo, ngakhale anali mphunzitsi wa ana a pulayimale, osati msodzi. Chaka chilichonse biyo ikamamangidwa ankapinda chitenje, kulowa m'madzi ofika m'chiuno, n'kutambasula manja. Pamene pathera zala zake mbali zonse ziwiri ndi pamene ankazika nsichi ziwiri. Pakati pa nsichizo panalibe woikapo kanthu. Anthu anangopatcha mpata wa Tadala.

Tadala anamwalira chaka chatha, ndege zitaima chifukwa cha Covid. Maliro ake ndinawaonera pa foni, nditaima kuseri kwa chipinda chozizira cha ndiwo zamasamba. Za izi ndilekeza pomwepa.

Lachisanu masana ndili m'chipinda chathu ku Al Mansoura, ndinaimbira mlamu wanga Yohane, mchimwene wake wa Tadala, kuti ndimve za mwana wanga Chisomo amene akukhala ndi agogo ake. Titatha za mwana, ndinamufotokozera za koho, ndikuganiza kuti aseka. Sanaseke.

"Alamu, bola mwayambitsa nokha. Chaka chino mpata uja tikutseka."

"Mukutseka?"

"Eya. Tiikapo mono. Kumunsi anthu atseka mtsinje wonse ndi maneti a udzudzu. Kumtunda ena akuthira katupe wophera nsomba. Ndiye ife tizisiyira ndani? Nsomba ikadutsa pathu ikukafera kwa mnzathu. Ife ndiye opusa a mtsinje uno?"

"Tadala ankati..."

"Tadala anapita, alamu. Pepani, ndi mlongo wanga, koma anapita. Inu muli uko mukudya nsomba za azungu m'hotela. Kuno chaka chathachi geni inafa, ana akufuna ndiwo. Chisomo wanuyo amadya mpata?"

Kumbali Zulu, amene timagona chipinda chimodzi, anali akusita yunifolomu, ndipo anaimitsa simbi.

Tisanamizane. Yohane si munthu woipa, ndipo zimene ananena si zabodza. Njala ilipo. Maneti a udzudzu alipo. Ndipo palibe chinthu chonyansa ngati ife a kunja, amene tikangokwera ndege timasanduka aphunzitsi a anthu amene tinawasiya akulimbana ndi moyo. Mlamu wanga anali ndi ufulu wondikumbutsa zimenezo.

Koma taonani mmene mawu ake amayendera. Wakumunsi akuti, ndikasiya adya wapakati. Wapakati akuti, ndikasiya adya wakumtunda. Wakumtunda akuti, ndine womaliza, ndisiyirenso ndani? Aliyense ali ndi chifukwa chomveka, ndipo zifukwa zomvekazo zikaphatikizana mtsinje umatsala madzi okhaokha. Timatero ndi mitengo ya m'phiri. Timatero ndi mbewu, kukazinga mtedza umene tinasunga kuti tidzadzale. Kodi mpasa ili ndi mazira m'mimba ndi ndiwo, kapena ndi mbewu?

Anzathu a ku Canada aja ali ndi mathanki oswetsera nsomba ndi anthu oyendera mitsinje. Ife pa kamtsinje kaja tilibe zimenezo. Mpasa iliyonse imene imakwera kumeneko ndi yobadwa yokha, ya chipsepse chake chonse. Chitetezo chake chinali chimodzi basi: mpata wa manja awiri otambasula.

Ndinamufunsa Yohane kuti biyo amanga liti. Anati madzi akangotsika pang'ono, masabata atatu kapena anayi akubwerawa.

"Mundidikire," ndinatero.

Anaseka pang'ono. "Alamu, musaiwale kuti ndinu mkamwini. Za mtsinje ndi za eni mbumba."

"Zoona. Koma simunandisudzule."



Kwathu mwamuna akaferedwa, akuchikazi amakhala pansi n'kumumasula kuti apite kwawo, akayambe moyo wina. Ine mwambowo sunachitike, popeza kunalibe ndege yondifikitsa. Choncho mpaka lero ndine mwamuna wa pakhomo paja. Sindinaganizepo kuti chinthu chimene chakhala chikundiwawa chaka chonse chingadzakhale poimira panga.

"Ndipo ngati mawu a mkamwini salemera," ndinapitiriza, "Chisomo ndi mbumba yanu. Biyo imeneyo ndi yakenso. Ali ndi zaka zinayi, sangalowe m'madzi. Ndidzalowa ine m'malo mwake. Mukadzafuna kuikapo mono, mudzandiuze ndili chiimire pamenepo, osati pa foni."

Yohane anapuma mwamphamvu. "Inu mumangolonjeza kubwera. Bwana wanuyo akulolani?"

"Ndibwera."

"Chabwino. Nsichi ziwirizo sitizika mpaka mufike. Koma mpasa siidikira munthu, alamu. Ikayamba kukwera inu kulibe, ine ndiikapo mono, ndipo musadzandide."

Funso lake la bwana lija linali loyenera. Pamene ndinkafika kuno, wantchito sankatuluka m'dziko muno popanda chilolezo cha bwana, ndipo sankasintha ntchito popanda kalata ya bwana yemweyo. Ndikudziwa mmene zimamvekera kutsata mpanda kufuna podutsa. Malamulowo asintha tsopano. Sindikunena kuti zonse zakhala bwino. Ndikudziwa anzathu ena, alonda ndi madalaivala, amene akuopabe kupempha chimene lamulo lawapatsa kale, poopa kuti bwana akwiya. Koma mpata ulipo, ndipo mpata umene anthu saudutsa umamera bango.

Loweruka ndinakapereka kalata yopempha livu. Woyang'anira antchito anaiwerenga, nandiuza kuti nthawi si yabwino, kuti pobwerera ndidzakhala pa kwarantini, ndipo kuti sangalonjeze kuti malo anga adzandidikira. Ndinayankha mwaulemu kuti ndamva, ndipo kuti ngati sadzandidikira ndidzafuna kwina, popeza lamulo likulola.

Anasayina.

Sindikudzinamiza. Mwina ndidzafika, kuima m'madzi, mpasa n'kudutsa pakati pa miyendo yanga kukafera m'katupe wa kumtunda. Mwina Yohane adzandimvera chaka chino chokha chifukwa cha manyazi. Mpata umodzi sungapulumutse mtsinje. Koma ndikadzachoka pa biyo yathu ndidzapita kwa a kumunsi ndi a kumtunda, khomo ndi khomo, osati ngati wophunzira wa ku koleji kapena wobwera kunja, koma ngati mkamwini wopempha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo m'malo mwa nsomba zimene mono wa pampata ukanagwira, ndidzakhala ndi Yohane m'mbali mwa dziwe m'mamawa, tiyese njira ina, ya mbedza, ya nsomba imodziimodzi, yoti munthu amayamba waiyang'ana asanaiphe.

Dzulo ashefu anandiitana kukhitchini, nandipatsa kabokosi kakang'ono. Munali kachitsulo konyezimira kamene akhala nako zaka zambiri, koti sanakaponyepo m'madzi chifikire m'dziko lopanda mtsinje lino. Dzino la mbedza yake linali lophwanyidwa kale. Zulu anakayang'ana, napukusa mutu.

"Dokotala, ukagwira ka mpasa kamodzi utitumizireko chithunzi. Koma osakarijekita."

Kachitsuloko kali m'chikwama, pamodzi ndi nsapato za Chisomo. Chimene chikundivuta ndi china. Manja anga ndi aatali kuposa a Tadala. Ndikadzawatambasula m'madzi muja, mpata udzakula pang'ono, ndipo Yohane adzaona. Ndaganiza kale. Sindidzapinda zigongono.

Nanga inu, pa mtsinje wanu, ndani amalowa m'madzi kukatambasula manja? Ndipo tsiku limene iye adzapite, mudzaikapo mono?