Tsiku Lomwe Tinaika Kefasi, Goloboyi wa ku Koleji

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngati kumeneko kungatchedwe kudzuka, poti ndinali nditangotsamira khoma la nyumba ya siwa, miyendo itachita dzanzi. Amayi a mpingo anali atatopa ndi kuyimba usiku wonse, ena atagona chokhala. Nyali inali pafupi kuzima. Pakati pa nyumba panali bokosi, ndipo m'bokosimo munali mlongo wanga Kefasi, mwana womaliza m'banja mwathu, amene anali m'chaka chachiwiri ku koleji ndipo ndiye anali goloboyi wa timu ya kumeneko.

Amayi anga anali maso. Anandikodola, nditayandikira n'kundinong'oneza kuti, "Lero usawasiye abambo ako. Bambowa alankhula."

Ndinadziwa chimene ankaopa, chifukwa nanenso ndinali nditamva. Mtembo unafika dzulo lake pa lole ya koleji. Mphunzitsi amene anauperekeza anauza anthu kuti inali ngozi ya pa mpira, basi. Koma dalaivala wa loleyo anawakokera bambo kuseri kwa nyumba, kumene ine ndinkatsuka mbale, ndipo anawafotokozera zonse motsitsa mawu. Timu ya Kefasi inkasewera ndi timu ina imene kutsogolo kwake kunali mwana wa munthu wamkulu wa chipani. Chaka chinacho wophunzira wina anamugwetsa mwanayo polimbirana mpira, m'mawa mwake n'kudzatengedwa pa galimoto, ndipo sukulu yake inathera pomwepo. Tsono anyamata anayi otseka kumbuyo a timu ya Kefasi ankadziwa zimenezi. Mwanayo akamabwera ndi mpira, iwo ankamupatukira ngati akupereka njira kwa apongozi. Anamwetsa chigoli, n'kumwetsanso china. Kefasi anakuwa kuti atseke mpaka mawu anasasa. Ulendo wotsatira anatuluka yekha pagolo, n'kudziponya pamapazi a mnyamatayo. Mpira anaugwira, koma bondo linamulowa pansi pa nthiti kumanzere. Anadzuka, anasewerako pang'ono, kenaka anakhala pansi atatsamira mtengo wa golo. Kuchipatala anati kapamba waphulika.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, osadula mawu. Dalaivala atatha, bambo anangofunsa kuti, "Nanga otseka kumbuyo anali kuti?" Munthuyo anali atangowauza kumene, koma iwo anafunsabe, ndipo usiku wonse pamoto wa abambo ankangobwereza funso lomwelo.

Bambo athu anali msodzi, ndipo uthenga wa maliro unawapeza ku chilumba cha Mbenji. Ali mnyamata ankasewera mpira osavala nsapato, ndipo malo awo anali kumbuyo komweko. Anali munthu wosadziwa kumeza mawu. Koma zaka zimenezo mawu olankhulidwa pamaliro ankafika ku boma mtembo usanafike kumanda. Bambo wina wa m'mudzi woyandikana nafe anadandaulako pamowa, anatengedwa, ndipo munda wake wa mpunga mu sikimu unapatsidwa kwa wina akazi ake akuona. Ife tinkaika mwana tsiku limenelo, ndipo amayi ankaopa kuti lisanalowe dzuwa titayanso bambo.

Kunacha ndi mwera. Mphepoyo inkachokera kunyanja, yozizira, ikuulutsa mankhusu a mpunga amene anthu anali atangomenya kumene. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anali atayatsa moto mzere wonse, akuphika mpunga m'migolo yodula pakati, ndi usipa umene asodzi anzawo a bambo anabwera nawo. Utsi sunkakwera m'mwamba, unkangozungulira pabwalo n'kumalowa m'maso. Adzukulu anali atapita kale kumanda ndi makasu, ndipo anatumiza uthenga kuti pansi pauma, tiwapezere chikumbiro china.

Dzuwa likukwera anthu anayamba kufika. Abale ena a amayi okhala ku Chitala anabwera pa njinga, miyendo itayera ndi fumbi. Alimi a mu sikimu anasiya mpunga wawo pa zoyanikira. Anansi athu achisilamu anabwera ndi mitolo ya nkhuni n'kukhala limodzi ndi abambo pansi pa mango. Amayi obwera kumaliro ankayamba kulira ali kunjira, n'kulowa m'siwa atagwira kumutu, ndipo aliyense wolowa ankatidzutsira misozi yatsopano.

Ine ntchito yanga inali yovuta, chifukwa pamaliro amayi amakhala kwawo, abambo kwawo. Ndinkangopeza zifukwa. Ndinapititsa tiyi kwa abambo, ndinabwereranso kukatenga makapu, ndinapitanso ndi madzi amene palibe anaitanitsa. Mayi wina wachikulire anandikalipira kuti namfedwa sazungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna kuikira, ndikhale pansi. Akanadziwa! Bambo anali pa mpando wawo, chipewa chili pabondo, tiyi atazizira pansi. Sankalira, ndipo chimenecho ndicho chinkandiopsa kwambiri.

Cha m'ma teni lole ya koleji inabweranso itadzaza ophunzira, atavala malaya oyera ndi mataye. Anatsika mwakachetechete. Ndinaona bambo akudzuka, ndipo ndinataya beseni n'kuwatsata. Anafika pamaso pa gululo n'kufunsa kuti otseka kumbuyo ndi ati. Panapita kanthawi, kenaka anyamata anayi anatuluka. Anali zimphona, abale inu, miyendo ngati misi. Bambo anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Munali kuti?"

Onse anazolika. Wamtali kuposa onsewo ndiye anayankha kuti, "Tinalipo, bambo."

"Ndamva kuti munalipo."

Atsibweni athu, mlongo wawo wa amayi, anafika msangamsanga n'kuwagwira bambo pamkono, akuwauza kuti alendo akhale kaye pansi. Bambo analola kukokedwa, koma asanachoke anatembenuka n'kunena kuti bokosi anyamule anyamata amenewo, amve kulemera kwake.

Ndinaganiza kuti mwina zathera pamenepo. Koma mwambo wa mapemphero utatsala pang'ono kuyamba, tinamva galimoto lina likubwera m'mbali mwa ngalande. Linaima pafupi ndi mango, ndipo oyamba kudumpha anali anyamata a chipani, a malaya ofiira. Kenaka anatsika bwana uja, wamkulu wa chipani, atavala suti yakuda. Anthu anaimirira okha popanda wowauza. Mkulu wa mpingo anachoka pa mpando wake n'kuupereka. Pambuyo pa bwanayo panali mwana wake, atanyamula nkhata ya maluwa yaikulu kuposa zonse zimene zinalipo.

Usiku wonse ndinali ndikumuganizira mnyamata ameneyu, ndipo m'mutu mwanga anali chilombo. Koma amene anatsika m'galimotomo anali kamnyamata koonda, ka ziphuphu kumaso, kosatha kukweza maso. Ndinkafuna kumuda ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinamudadi, koma zinandikwiyitsa kuona kuti Kefasi akanatha kumunyamula ndi dzanja limodzi.

Tinaona nkhope. Amayi anakomoka pang'ono, n'kuwathira madzi. Bambo anaima nthawi yaitali pamutu pa bokosi mpaka atsibweni anawasuntha. Abusa analalikira mwachidule chifukwa mphepo inkawalanda mawu, ndipo tinanyamuka.

Njira ya kumanda kwathu imadutsa m'mbali mwa minda ya mpunga, pakamtunda kopapatiza. Minda inali itakololedwa, mwatsala ziputu zokhazokha. Kwathu bokosi anthu amalandizana panjira, wina akatopa wina alowe. Amuna a m'mudzi ankayandikira kuti alandire, koma anyamata anayi aja ankangopukusa mitu. Ananyamula okha njira yonse, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira, malaya oyera aja atada m'mapewa. Ine ndinali m'gulu la amayi, nditagwira amayi kudzanja limodzi, khosi litatalika kufunafuna chipewa cha bambo kutsogolo.

Kumanda anatikhazika monga mwa nthawi zonse, amayi mbali ino, abambo mbali inayo, dzenje ndi mulu wa dothi zili pakati. Ndinadzilimbitsa mtima ndi chinthu chimodzi. Bambo anali mkamwini m'mudzimo, ndipo pamaliro a mwana wolankhula ndi mwini mbumba, osati bambo wobereka. Atsibweni anaimirira, anathokoza anthu, anati zonse ndi chifuniro cha Mulungu, n'kukhala pansi. Mphunzitsi wa koleji anati Kefasi anali wophunzira womvera ndiponso goloboyi amene sadzamuiwala. Mawu akuti ngozi anawatchula mobwerezabwereza, akuyang'ana kumene kunakhala bwana.

Kenaka bwanayo anaimirira. Analankhula bwino ndithu, ndisaname. Anapepesa banja, anati mwana wake sakudya chiyambire tsiku lija, anati mpira ndi masewero ndipo palibe amene amapita ku bwalo ndi mtima wopha mnzake. Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anatembenukira kwa mphunzitsi uja, chala chili m'mwamba, n'kunena kuti, "Ndipo inu a koleji ndikulangizeni. Aphunzitseni anyamata anu kutseka kumbuyo. Goloboyi asamasiyidwe yekha."

Mayo ine! Ndinamva amayi akundifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Kutsidya kwa dzenje bambo anali ataimirira kale. Chipewa chinagwa pansi, osachitola. Anayamba kuyenda kulunjika kwa bwanayo, ndipo ine ndinali kutali, pakati pathu pali dzenje la mlongo wanga ndi anthu okhala pansi mothinana. Ndinayesa kudzuka, chitenje chinakodwa pansi pa mayi wina. Anyamata a malaya ofiira anali atatembenuka kale kuyang'ana. Ndinamva mawu a bambo, aja omveka kuchokera pa bwato mpaka kumtunda, akuyamba kuti, "Inu bwana..."

Anyamata anayi aja anali ataima chapafupi, pamene anatulira bokosi. Sanayang'anane, sanauzane kanthu. Anangosuntha onse pamodzi n'kuima patsogolo pa bambo, phewa ndi phewa, misana atalozetsa kwa bwana. Bambo anapita kumanzere, iwo anapita kumanzere. Anabwerera kumanja, anawapeza ali pomwepo. Anamukankha wamtali uja pachifuwa, anamumenya chibakera, anamumenyanso, koma mnyamatayo sanasunthe ngakhale phazi. Misozi inkangotsika, manja ali kumbuyo. Bambo ankalankhula, ndinkaona pakamwa pawo pakuyenda, koma pomwepo mayi wotsogolera kwaya anayambitsa nyimbo ndi mawu ake onse. Amayi tonse tinaipolokera, ophunzira analowanso, ndipo ine ndinaimba mokuwa kuposa wina aliyense, kuimbira kuti abambo anga asamveke. Zimene ananena zinathera m'malaya a anyamatawo.

Mmodzi wa a malaya ofiira anayamba kuyandikira. Atsibweni anakumana naye panjira, zipewa zili m'manja, chawo ndi cha bambo, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anamuuza kuti ndi bambo wa mwana, chisoni chawasokoneza mutu, akufuna kudziponya m'dzenje. Mnyamatayo anayang'ana bwana wake. Bwanayo anagwedeza mutu ngati womvetsa, n'kukhala pansi.

Nyimbo isanathe bambo anadzandira. Anyamata omwewo anawagwira kuti asagwe, anawakhazika pansi, n'kukhala mowazungulira mpaka mwambo unatha. Bokosi linatsitsidwa. Tinaponya dothi, amayi, ine, atsibweni. Bambo anawabweretsera dothi pa khasu pamene anakhalapo, koma sanalikhudze. Adzukulu anakwirira, ndipo pa nthawi ya nkhata kamnyamata kaja kanaika yake mofulumira, n'kubwerera kwa bambo ake chothamanga. Galimoto lawo linanyamuka anthu asanabwerere n'komwe kumudzi kukadya.

Ophunzira anadya ataimirira pafupi ndi lole. Anayi aja sanadye. Ponyamuka wamtali uja anabwera kumene ndinali, mlomo utatupa, akuoneka kuti akufuna kunena kanthu. Ndinamutembenukira msana. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. Anandisungira bambo anyamata amenewo, ndipo ndi omwewo anandiphetsera mlongo. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo sindinathe kumupatsa dzanja.

Madzulo mwera unaleka. A ku Chitala ambiri anali atabwerera, asodzi anali atapita kukaona mabwato awo, ndipo panatsala achibale ochepa odikira kumeta. Migolo inali itavundikiridwa kuseri, phulusa likufuka pang'ono. M'nyumba, pamene panali bokosi, panatsala mkeka wokha, ndipo aliyense ankauzungulira podutsa. Amayi anagona chafufumimba kuchipinda, koma ndinkadziwa kuti akumvetsera chimene nanenso ndinkamvetsera. Thirakitala ya mu sikimu italira kutali tonse tinatchera khutu, mpaka phokoso lake linapita. Palibe amene anabwera kudzawatenga bambo, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Ndinawapeza pakhonde atakhala pansi, miyendo atatambasula, dzanja lamanja litatupa m'mfundo za zala. Ndinagwada n'kuwaikira beseni la madzi ofunda pambali. Sanandiyang'ane.

"Nankhoma, unawaona anyamata aja?"

"Ndinawaona, bambo."

Anatembenuza dzanja lotupalo.

"Ine ndi mphamvu zanga zonsezi sindinadutse," anatero. "Kutseka amakutha ndithu."

Ndinakhala nawo pakhondepo mpaka madzi anazizira m'beseni, ndipo ndinakawataya.