Chipika cha Agogo Yonamu

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Yonamu, ndimamva fungo la dizilo losakanikirana ndi thukuta ndi usipa wouma, fungo limene linkakana kuchoka m'malaya awo ngakhale amayi atawachapa kawiri n'kuwayanika tsiku lonse pampanda wabango. Tinkakhala ku Nkhunga, m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo lole ikamabwera kuchokera ku Dwangwa nkhuku zinkamwazikana, mbale zinkanjenjemera pathandala, ine n'kuthamangira kumsewu kukaona ngati ili yawo.

Ndikuti yawo, koma sinali yawo. Mwini wake anali mkulu wina wamalonda wa ku Boma, dalaivala anali a Saidi, bambo wamimba yaikulu wokonda nthabwala, ndipo agogo anali wothandizira chabe. Ankamanga tenti pamatumba a mpunga, kusintha matayala, kuphikira a Saidi tiyi m'mbali mwa msewu. Koma ntchito yawo yeniyeni inali chipika, chidutswa cha mtengo wa muwanga, chakuda ndi girizi, chosalala ngati munsi. Lole ikaima pachitunda, agogo ankadumpha n'kukachiika kunsi kwa tayala lakumbuyo kuti galimoto isabwerere. Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Udalaivala unkayamba choncho. Umayamba ndi chipika, kenako amakupatsa kiyi kuti utenthetse injini m'mawa, kenako kusuntha lole pabwalo, mpaka dalaivala wako akakulankhulire kwa bwana kuti ukayesedwe. Anyamata amene agogo anawaphunzitsa kumanga chingwe anadutsa onse, n'kumawaimbira hutala panjira. Agogo akafunsa, a Saidi ankawagwira paphewa.

"Chaka chamawa, Yonamu. Ukachoka iwe, ine nditsala ndi yani?"

Agogo ankaseka nawo limodzi. Kuseka kumeneko kunkandipsetsa mtima ndili mwana, ndipo ndinkalumbira chamumtima kuti ine sadzandiseketsa choncho.

Kunyumba ankandikhazika pamtondo, kundipatsa chivundikiro cha ndowa kuti chikhale chiwongolero, iwo n'kumalira ngati injini mpaka kutsokomola. "Bwanawe," ankatero, "giya salowa ndi mphamvu. Mvera injini, ikupempha yokha."

Ndili Sitandade 5, a Saidi anatupa miyendo n'kusiya ntchito. Bwana uja anaitana agogo nati adikira mpaka mpunga ukololedwe: akabwera ndi layisensi, lole ndi yawo. Tsiku limenelo agogo anafika kunyumba akuimba nyimbo ya kutchalitchi, mzere umodzi womwewo kubwerezabwereza. Anagulitsa njinga yawo kuti akonzekere ulendo wa ku Lilongwe.

Koma panali chinthu chimene tinkachidziwa awiri tokha. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Akamathira tiyi ankayamba apapasa kapu ndi chala. Basi ikaima, ankanditsina kuti ndiwawerengere kumene ikupita, eti akundiyesa sukulu. Ndipo munthu asanagwire chiwongolero pamaso pa oyesa, ankayamba ayesedwa maso.

Mnzawo wina amene anayesedwapo anawauza zilembo zonse za pachikwangwani choyesera maso, kuyambira chachikulu chapamwamba mpaka tating'ono tapansi. Ine ndinazilemba ndi khala pakatoni ya sopo. Masana aliwonse ndikaweruka kusukulu tinkabisala kuseri kwa nkhokwe, pomwe amayi ankayanika makaka, ine nditanyamula katoni, iwo ataima patali atatseka diso limodzi, n'kumatchula mzere ndi mzere ngati Katekisimu. Pofika mlungu wachitatu sankaphonya ngakhale chimodzi. Ndinkadzimva kuti ndine mphunzitsi woopsa.

Anapita atavala jekete la ukwati la atate anga. Anabwerako patapita masiku awiri, dzuwa lili paliwombo, jekete lili m'manja. Amayi anawapatsa madzi, sanamwe. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe kuja.

"Bwanawe, zilembo n'zomwezija. Sitinalakwe ngakhale chimodzi."

"Ndiye mwakhoza, agogo?"

"Mtsikana woyesa maso anatenga kandodo. Ankaloza apa, kenako apo, kenako kubwerera pamwamba. Ine kandodoko sindinkakaona. Ndinangoyamba pamwamba n'kutsika nazo monga tinkachitira muja." Anaika jekete lija pambali. "Mtsikanayo sanandiseke. Anangoti, 'Bambo, pitani kuchipatala, mwachedwa nawo masowa.' Bola akanandiseka."

Ndinalira, chifukwa ndine ndinawaphunzitsa motsatana. Sizinandifikepo m'mutu kuti munthu angaloze ndi kandodo. Lero ndine wamkulu, ndikudziwa kuti mtsikanayo anachita bwino, kuti lole yodzaza mpunga m'manja mwa munthu wosaona ndi maliro a anthu ena. Ndikudziwa. Koma zaka makumi awiri zija, maso a agogo ali akuthwa, a Saidi ankati chaka chamawa.

Nkhani inafika ku Boma. Bwana anapereka lole kwa mmodzi wa anyamata aja, ndipo anati sangasungenso wothandizira wosaona bwino. Agogo anabwera ndi chipika chokha, poti mtengowo anadula okha. Zaka zawo zotsala anathera pakhonde atachikhalira, khutu lili kumsewu. Galimoto ikamadutsa ankanena kuti yanyamula nzimbe kapena ili yopanda kanthu, ndipo dalaivala akachedwa kusintha giya ankagwedeza mutu, dzanja lawo lamanzere likusuntha lokha m'mwamba. Anamwalira asanayendetsepo lole pamsewu ngakhale kuchokera ku Nkhunga kukafika pa Bua.

Ine ndinati ndilowera khomo lina. Ndinadula nzimbe nyengo zinayi, ndinapita kusukulu ya madalaivala, ndipo tsiku loyesedwa maso ndinawerenga mpaka mzere wapansi penipeni, misozi ili m'masaya, woyesayo n'kumadabwa. Layisensi ndili nayo, yongonyezimira m'chikwama. Ndayenda nayo geti ndi geti ku Kanengo, ndipo paliponse funso ndi limodzi: wayendetsa zaka zingati? Agogo anali ndi zaka koma analibe pepala. Ine ndili ndi pepala, zaka ndilibe, ndipo palibe amene akufuna kundipatsa chaka choyambacho.

Mwezi watha ndinavomera ntchito yothandizira pathiraki yonyamula shuga. Dalaivala wanga ndi wamng'ono kwa ine. Chipika cha agogo ndinachitenga, chili kuseri kwa mpando wanga wa kumanzere. Dzulo titaima pachitunda ndinadumpha n'kukachiika kunsi kwa tayala, ndipo pokwera ndinamufunsa ngati angandilankhulire kwa bwana. Anandigwira paphewa.

"Musadandaule, akulu. Chaka chamawa zitheka."

Anaseka. Ndinamva wina akuseka naye, ndi mawu a agogo enieni, ndipo ndinali ine.